Maphunziro a pa intaneti akakukanikani kuno ku Tete, yambani kuyang'ana apa

Semesita ikangofika pakati, foni yanga imayamba kulira. Amaimba ndi aphunzitsi anzanga a ku Ulónguè ndi ku Dómuè, anamwino a ku Furancungo, anyamata a ku migodi ya malasha ku Moatize, onse olembetsa maphunziro a patali. Madandaulo ake sasintha: mamega atha, tsamba la sukulu silikutseguka, ntchito ndinatumiza koma pa pauta, mndandanda wa zotsatira, palibe kanthu. Ine licenciatura yanga, digiri yoyamba ya ku yunivesite, ndinaimaliza mwa njira yomweyi, masana ndili ndi ana a pulayimale, usiku ndili ndi foni ndi kope, ndipo ambiri mwa mavuto ali pansipa anandigwerapo ndekha. Ndaona kuti ndi bwino ndiwalembe malo amodzi.

Chinthu chimodzi ndinachizindikira mochedwa. Kwathu kuno intaneti tiziitenga ngati mjigo. Palibe amene amatandala pa mjigo. Umapita ndi zigubu, kutunga, n'kubwerera kunyumba kukaphika. Wophunzira wofuna kuwerenga zonse ali pa intaneti amagonja ndi mtengo wa mamega ndi rede (netiweki) yodukaduka. Amene amatsitsa mabuku, kuzimitsa dados (intaneti ya m'foni), kuwerenga ndi cholembera m'manja, kenako n'kubwerera kukatumiza ntchito tsiku lisanakwane, ndi amene ndawaona akufika kumapeto. Malangizo ambiri ali m'munsimu akuchokera pamenepa.

Pezani chizindikiro chimene chikufanana ndi vuto lanu. Pansi pa chilichonse ndayamba ndi chimene chimachitika kawirikawiri, n'kumatsika.

## Mamega akutha musanaphunzire kanthu

Munthu wagula gigabaiti imodzi Lolemba, pofika Lachitatu uthenga wabwera kuti yatha, buku asanalitsegule n'komwe. Musanakwiye, lowani mu Definições, zosankha za foni, pezani pamene pali kaundula wa kagwiritsidwe ntchito ka dados, muone pulogalamu imene yadya kwambiri. Foni imalemba zonse pamenepo.

1. Mavidiyo a Facebook, TikTok ndi ma status a WhatsApp. N'zovuta kuvomera, koma mafoni ambiri amene anzanga andipatsa kuti ndiwaonere, mamega anathera apa. Letsani kuti mavidiyo asamayambe okha. Ine mwezi wa mayeso ndinkangochotseratu mapulogalamuwa, n'kudzawabwezera nditalemba.
2. Magulu a WhatsApp. Gulu la kalasi, la kumpingo, la kuntchito, la abale akumudzi, lililonse likuponya zithunzi ndipo foni ikungolandira. Lowani pa Armazenamento e dados, muletse kuti zithunzi ndi mavidiyo zisamatsike zokha.
3. Kamera pa Zoom kapena Google Meet. Ola limodzi kamera ili yoyatsa lingadye mamega mazana angapo, mwina kuyandikira gigabaiti yathunthu, pamene mawu okha amadya makumi ochepa chabe. Zimitsani kamera yanu, muiyatse pokhapokha a tutor akafuna kukuonani.
4. Foni ikudzikonza yokha usiku. Play Store imatsitsa zatsopano za mapulogalamu, Google Photos imakweza zithunzi zanu. Zonse ziwiri ziuzeni kuti zizidikira Wi-Fi.
5. Laputopu yolumikizidwa ku foni. Windows ikangoona intaneti imayamba kutsitsa zake, ndipo ingamalize mamega a mwezi wathunthu inu mukulemba ndime imodzi. Pa zosankha za Wi-Fi ikani kuti kulumikizana kumeneku n'kwa malire, pa Chipwitikizi amalemba kuti ligação com tráfego limitado.
6. Munagula mamega olakwika. Ena ndi a WhatsApp ndi Facebook basi, satsegula tsamba la sukulu. Ena ndi a tsiku limodzi, amafa ngakhale musanawagwiritse ntchito. Werengani uthenga wotsimikizira mukangogula.
7. Senha (mawu achinsinsi) ya hotspot yanu ikudziwika ndi nyumba yonse. Isintheni.

Mukakonza izi, sankhani tsiku lotunga. Semesita ikangoyamba, pitani pamene pali rede yabwino kapena Wi-Fi, kaya ku centro de recursos ya sukulu yanu kaya kuntchito ngati amalola, mutsitse mabuku onse a maphunziro anu, ndondomeko ya masiku otumizira ntchito, ndi malamulo a sukulu. Buku la PDF nthawi zambiri ndi mamega ochepa, silifika n'komwe pa vidiyo imodzi ya nyimbo. Sukulu zambiri tsamba lawo la maphunziro limayendera pulogalamu yotchedwa Moodle, ndipo ngati yanu inalola, pulogalamu ya Moodle ya pa foni imasunga phunziro lonse kuti muziwerenga dados itazimitsidwa. Mavidiyo a pa YouTube aikeni pa 240p kapena 360p. Mawu a mphunzitsi amamveka chimodzimodzi.

Lekani kulimbana nazo nokha ngati crédito ikudulidwa tsiku ndi tsiku inu osagula kanthu, kapena ngati kaundula wa m'foni akusonyeza zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene zatha. N'kutheka kuti munalembetsedwa ku zinthu zolipira osadziwa. Imbirani kampani yanu ya foni kapena pitani ku shopu yawo mutatenga BI, chiphaso chanu cha unzika.

## Rede ikuoneka, koma tsamba silikutseguka kapena mawu akudukaduka

Choyamba yesani kutsegula tsamba lina, monga Google. Likatseguka, vuto lili ku sukulu, funsani anzanu ngati nawonso akukanika. Likakana, vuto lili kwa inu.

1. Nthawi yake. Madzulo, anthu akaweruka, aliyense ali pa foni ndipo nsanja imodzi ikusenza tauni yonse. Yesani mbandakucha, cha m'ma 4 kapena 5 koloko. Kutumiza ntchito nthawi imeneyi kumatenga mphindi imodzi.
2. Pamwamba pa foni palembedwa E kapena H m'malo mwa 4G. Pa E simungamvere phunziro la Zoom ngakhale timizere tonse titadzaza. Ikani foni pa modo de voo kwa theka la mphindi, muichotse. Tulukani m'nyumba ya malata, imani pazenera, kwerani pachulu. Mudzi uliwonse uli ndi malo ake amene rede imagwira, ndipo ana amawadziwa.
3. Kampani yanu siigwira bwino dera lanulo. Vodacom, Movitel ndi Tmcel sizifika mofanana paliponse. Imene ikuthamanga mu mzinda wa Tete ingakhale yofooka kuseri kwa phiri ku Macanga kapena ku Marávia. Wophunzira wa patali azikhala ndi ma SIM awiri, onse olembetsedwa m'dzina lake.
4. Ndi tsiku lomaliza kutumiza ntchito. Ophunzira a dziko lonse akukankhana pakhomo limodzi, tsamba limalemedwa. Mankhwala ake ndi kusadikira tsikulo.
5. Foni yagwira rede ya dziko lina. Ili ndi vuto lathu a m'malire. Ku Zóbuè, ku Calómuè, ku Biriwiri ndi m'midzi yambiri ya Tsangano foni imadumphira yokha ku TNM kapena Airtel ya ku Malawi, ndipo cha ku Cassacatiza imagwira za ku Zambia. Mamega amene munagula sagwira ntchito kumeneko, crédito ndiyo imapita. Zimitsani roaming de dados, ndipo pa zosankha za rede musankhe nokha dzina la kampani yanu m'malo mosiyira foni.
6. Tsiku ndi nthawi za m'foni n'zolakwika. Zimachitika batire ikafa kotheratu. Tsamba limakana n'kulemba kuti kulumikizana si kotetezeka. Ikani kuti nthawi izidzikonza yokha.
7. Foni yadzaza, kapena Chrome yasunga zinyalala. Chotsani mavidiyo akale, pukutani cache, yesaninso.

SIM yanu ikamagwira bwino m'foni ya mnzanu koma m'yanu ayi, pitani ku shopu ya kampaniyo akakuikireni APN, zosankha zimene zimalumikiza foni ku intaneti ya kampaniyo. Zikakanikabe, foni ndiyo ikudwala, ikaonedwe ndi wokonza mafoni.

## Foni ikutentha, ikuzima, kapena moto sukukhalitsa

A ku Angónia izi saziona kwambiri chifukwa kwawo n'kozizira. Koma ku Tete, ku Moatize, ku Changara ndi ku Mutarara, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, pamene mafoni ambiri anapangidwa kuti azigwira bwino ntchito kosapitirira madigiri 35.

1. Mukutchaja uku mukumvera phunziro la vidiyo. Ntchito ziwirizi zonse zimatenthetsa foni. Tchajani phunziro lisanayambe.
2. Chikwama cha foni, dzuwa, kapena matiresi. Ivuleni chikwama, muiike pa simenti pamthunzi. Musaiike mu filiji kapena kuikulunga m'nsalu yonyowa, chinyontho chimalowa m'kati n'kuiwononga.
3. Rede yofooka. Foni ikamasakasaka nsanja imadya moto wambiri. Mukamawerenga zimene munatsitsa kale, iikeni pa modo de voo.
4. Tchaja yotchipa kapena chingwe chothyoka m'kati. Yesani ya mnzanu muone kusiyana.
5. Batire yakalamba. Ikadutsa zaka ziwiri kapena zitatu imayamba kutha msanga, mwina kuzima ili pa 30.

Za magetsi tonse tikuzidziwa. Damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwechi ku Songo, koma midzi yambiri mawaya sanafike, ndipo kumene anafika, mvula yamphepo ikagwa magetsi amathima. Power bank ya 10,000 mAh imadzaza foni pafupifupi kawiri, ndipo kwa wophunzira ndi yofunika kuposa foni yatsopano. Mayunitsi a magetsi pa mita ya Credelec yang'anani dzulo lake la mayeso, osati m'mawa wake. Kukamachita ziphaliwali zulani tchaja kukhoma.

Apa imani, musayesenso:

- Foni yatupa kumbuyo, galasi likutukuka, kapena ikununkha zachilendo. Izimitseni, musaitchajenso, musaiboole, musagone nayo pafupi. Batire yotupa imayaka moto. Ipititseni kwa wokonza mafoni.
- Soketi ikuthetheka, ikuda, kapena ikugwira dzanzi mukaikhudza. Itanani wodziwa zamagetsi. Za mita ndi mawaya ochokera pa polo ndi za kampani ya magetsi ya EDM, musazigwire.
- Mukufuna kulumikiza sola ndi batire ya galimoto. Pakati pake pamafunika regulador, ndipo akuikireni ndi munthu wodziwa.

## Tsamba likukana kuti mulowe

1. Senha yalembedwa molakwika. Foni imakonda kuyamba ndi chilembo chachikulu kapena kuwonjezera mpata kumapeto. Ziro ndi chilembo O zimasokonezanso. Dinani kadiso kali pambali muone zimene mwalemba. Mukalephera kangapo, dikirani, chifukwa masamba ena amatseka munthu akayesa kambirimbiri.
2. Propina, ndalama yolipira sukulu. Sukulu zambiri zimatseka wophunzira amene ali ndi ngongole. Zimachitikanso kuti munalipira koma ndalama sinalembedwe pa dzina lanu chifukwa referência, nambala yolipirira, inalakwika kapena inali ya mwezi wina. Musafufute uthenga wa M-Pesa, e-Mola kapena mKesh, ndipo kapepala ka kubanki kajambuleni tsiku lomwelo, inki yake imafufutika.
3. Simunalembetse semesita yatsopano. Kulipira ndi kulembetsa maphunziro ndi zinthu ziwiri.
4. Imelo kapena nambala imene munalembetsera inatayika, ndiye senha yatsopano ikupita kumene simungaione. Nambala yotayika imabwezedwa ku shopu ya kampani ya foni, mukapempha segunda via mutatenga BI.

Izi zikapanda kuthandiza, nkhaniyi ndi ya a secretaria kapena registo académico. Alembereni, mutchule dzina lonse, nambala yanu ya wophunzira ndi chithunzi cha zimene tsamba likulemba. Wina akakuimbirani kuti ndi wa kusukulu ndipo akufuna PIN yanu ya M-Pesa kapena ndalama ya "kutsegulira" pa nambala yake, dulani foni. Ndalama ya sukulu imapita ku akaunti ya sukulu.

## Ntchito munatumiza, koma pa pauta palibe kanthu kapena pali ziro

Ili ndi limene limandiwawa kwambiri, chifukwa limagwera munthu amene wagwira ntchito. Chaka changa chachiwiri ndinalemba ntchito ya masamba khumi, masabata awiri ndikugona mochedwa. Ndinaikweza pa tsamba, ndinaona dzina la fayilo likuoneka, ndinazimitsa foni n'kukagona ndi mtima woyera. Pauta itatuluka, malo anga anali opanda kanthu. Fayiloyo inangokhala ngati rascunho, ntchito yongosungidwa yosatumizidwa, sindinadine batani lomaliza. Phunzirolo ndinalibwereza chaka chotsatira, n'kulipiranso. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ntchito imene tsamba silinavomere kuti yalandira idakali pachala.

1. Inatsalira pa rascunho. Pa Moodle, aphunzitsi ena amaika kuti mukakweza fayilo mudinenso batani lotumiza ndi kuvomereza kuti ntchitoyo ndi yanu. Bwererani pa tsambalo muwerenge. Pakhale mawu akuti submetido kapena enviado, osati rascunho.
2. Rede inaduka fayilo isanathe kukwera. Mukatumiza, tulukani, mulowenso, mutsegule fayilo imene ili pamenepo muone ngati ndi yomweyo ndipo ndi yathunthu.
3. Fayilo ndi yaikulu kapena ya mtundu wosaloledwa. Zithunzi za masamba olembedwa pamanja zimalemera kwambiri. Zisandutseni PDF imodzi yopepuka. Akafuna Word musatumize PDF, akafuna PDF musatumize Word.
4. Nthawi inadutsa. 23:59 ndi 23:59, tsamba silimva za maliro kapena za magetsi. Amene mukuphunzira ndi sukulu za kunja samalani ndi mawotchi: Brasília ili m'mbuyo mwathu ndi maola 5, Lisboa ndi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, ndi maola awiri miyezi inayo. Phunziro la 19:00 ku Brasília kuno ndi pakati pa usiku.
5. Munaika pa phunziro lina, kapena munatumiza pa WhatsApp ya a tutor. Zotumizidwa kumbali nthawi zambiri siziwerengedwa.
6. Ntchito yapezeka yofanana ndi ya wina. Kukopera pa intaneti, kugawana fayilo imodzi anthu asanu n'kungosintha dzina, kugula ntchito kwa anyamata olembera anthu, kapena kumata zimene ChatGPT yalemba. Aphunzitsi amazindikira, ndipo sukulu zina zili ndi mapulogalamu ofufuzira. Ngakhale zitadutsa, pa mayeso mudzakhala nokha ndi pepala.
7. A tutor sanachongebe. Funsani anzanu ngati awo atuluka.

Chizolowezi chimene ndikupempha aliyense: tumizani kutatsala masiku awiri, ndipo mukatumiza jambulani sikirini pooneka tsiku, nthawi ndi mawu otsimikizira. Tsamba likakana, jambulaninso kukanako, mulembere a tutor nthawi yomweyo tsiku lisanadutse. Uthenga ukhale waulemu ndi waufupi: moni, dzina lanu lonse, nambala, phunziro, chimene chachitika, chithunzi, ndi pempho lanu. Dandaulo lofika nthawi isanathe lili ndi umboni limamveka. Lofika patatha mwezi lili ndi mawu okha limavuta kulithandiza, ngakhale a tutor atakhala achifundo chotani.

Pitani pamwamba ngati muli ndi umboni koma sabata yatha osayankhidwa. Lemberani a coordenador a kosi yanu, ndipo muone m'malamulo a sukulu masiku amene amapereka ochitira apilo, chifukwa amakhala owerengeka.

## Mukuwerenga koma sizikulowa

Apa ambiri amafulumira kunena kuti mutu wakalamba. Sindinaonepo kuti vuto n'limenelo.

Chofala kwambiri ndi kuwerenga ndi maso okha. Chala chikungotsetsereka pa galasi, masamba makumi awiri adutsa, mukafunsidwa palibe chotsala. Gulani kope la phunziro lililonse. Werengani kachigawo kamodzi, tembenuzani foni, lembani zimene mwagwira m'mawu anuanu, kenako muone zimene mwaphonya. Mafunso a kumapeto kwa mutu ayankheni musanaone mayankho. Mitu yovuta isindikizeni pa pepala. Ndalama ya fotokope imabwerera.

Chachiwiri ndi Chipwitikizi. Ambirife tinayamwa Chichewa, ena Chinyungwe kapena Chisena, ndipo Chipwitikizi tinakumana nacho pakhomo la sukulu. Alipo anzathu a ku Angónia ndi Tsangano amene ubwana wawo unathera ku Dedza ndi ku Ntcheu nthawi ya nkhondo, n'kuyamba sukulu m'Chichewa ndi Chingerezi, ndipo anabwerera kuno mtendere wa 1992 utabwera. Chipwitikizi cha kumsika amachilankhula bwinobwino, koma cha m'mabuku a ku yunivesite ndi china. Izi si zamanyazi. Kumapeto kwa kope lanu sungani masamba a mawu atsopano, tanthauzo lake mulembe m'Chichewa. Mukamaliza mutu, ufotokozereni munthu wa pakhomo m'chilankhulo chathu. Pamene mwakakamira, ndi pamene simunamvetse. Gwiraninso bwino mawu amene amayambira mafunso, chifukwa defina, explique, compare, justifique ndi discuta safuna yankho lofanana. Ndaonapo anthu odziwa nkhani yonse akupeza 8 pa 20, osafika pa 10 yokhozera, chifukwa anangotanthauzira pamene anafunsidwa kusiyanitsa.

Chachitatu ndi nthawi imene mwasankha. Munthu waima m'kalasi tsiku lonse, kapena wachokera ku shifiti ya usiku, kapena kumunda, ndiye atsegule buku 10 koloko usiku atadya nsima. Tulo timapambana. Mphindi 40 za m'mawa mutu uli wozizira zimaposa maola atatu a kusinza.

Chachinayi, mauthenga. Foni yomwe mukuwerengerayo ndi yomwenso ikulira. Zimitsani dados.

Chomaliza, maziko anasoweka, makamaka pa masamu ndi estatística kwa amene anasiya sukulu kalekale. Bwererani ku buku la 10ª kapena 12ª classe popanda manyazi, kapena pemphani mphunzitsi wa kusekondale wa m'dera lanu akuthandizeni Loweruka. Safunsa anadya phula.

Gulu la anthu atatu kapena anayi okumana maso ndi maso kamodzi pa sabata limathandiza kuposa gulu la WhatsApp la anthu mazana awiri. Aliyense abwere atawerenga, wina afotokoze, ena amufunse. Ntchito yokatumiza aliyense akalembe yake.

## Masabata adutsa osatsegula tsamba la sukulu

Amene amasiya maphunziro a patali sanena kuti lero ndasiya. Amangophonya sabata imodzi, kenako ntchito imodzi, kenako amachita mantha kutsegula chifukwa akudziwa zimene akapezemo. Palibe belu, palibe mphunzitsi woitana mayina, ndiye palibe amene amaona kuti munthu wasowa.

1. Mulibe nthawi yoikika. "Ndiwerenga ndikapeza mpata" ndi chiyambi cha kusiya. Sankhani maola, muwalembe pakhoma pamodzi ndi masiku onse otumizira ntchito.
2. Ntchito za nyengo. Mvula ikagwa mu Novembala kapena Disembala kuli kubzala, kenako kupalira ndi kubandira, ndipo kukolola chimanga, kukumba mbatata ya kachewere ndi kusankha fodya zili ndi miyezi yake. Aphunzitsi tili ndi masabata ochonga mayeso a ana. Zonsezi zimadziwika kale, choncho ikani kalendala ya sukulu pambali pa ya kumunda, mutsogoze ntchito za sukulu pamene mukuona kuti zidzagundana.
3. Pakhomo sakudziwa kuti muli pa sukulu. Amangoona munthu ali pa foni. Izi zimawapweteka kwambiri amayi, chifukwa mwana akalira, alendo akafika, ndiwo zikatha, oitanidwa ndi iwo. Khalani pansi ndi akunyumba kwanu, muwaonetse kalendala ndi ndalama imene ikupita ku propina, mugwirizane maola amene simuyenera kuitanidwa. Abambo amene akazi anu akuphunzira, ola limodzi limenelo mugwireni mwana.
4. Maliro ndi matenda. Sitingawapewe ndipo sitingaleke kupita. Lemberani a tutor musananyamuke, ngakhale mizere iwiri, ndipo sungani pepala la kuchipatala.
5. Munatenga maphunziro ambiri nthawi imodzi. Ngati malamulo akulola, chepetsani.
6. Ndalama yasowa. Musangozimiririka, chifukwa ngongole ingapitirire kuwerengedwa. Funsani a secretaria za kuimitsa kaye maphunziro mwalamulo kuti zimene munakhoza zisatayike.

Ngati mwatsalira kale, tsegulani lero, mulembe zonse zimene zadutsa ndi zimene zikubwera. Yambani ndi imene tsiku lake layandikira, zakale mufunse ngati pali mwayi wa recorrência, mayeso obwereza.

Thupi likayamba kulankhula, pitani kuchipatala. Maso kuwawa pang'ono kumachepa mukamapumira mphindi 20 zilizonse n'kuyang'ana kutali, ndiponso mukaleka kuwerenga mumdima galasi likuwala kwambiri. Koma ngati mukuona zinthu ziwiriziwiri, zilembo zikuchita chifunga, kapena mutu ukuwawa masiku otsatizana, musagule magalasi a pamsika, kayezetseni. Mutu ndi kutentha thupi nthawi ya dzinja, kayezetseni malungo musananene kuti ndi kutopa ndi sukulu. Ndipo ngati tulo tasowa masabata angapo, chakudya sichikulowa, mtima uli wolemera moti mukuganiza zodzivulaza, siyani mabuku, uzani munthu amene mumamukhulupirira, mupite naye ku centro de saúde tsiku lomwelo.

## Mayeso afika, zinthu zasokonekera pakhomo

Ngakhale maphunziro ali a pa intaneti, sukulu zambiri zimafuna kuti mayeso ena mukalembe pamaso pawo. Zimene zimabweza anthu pakhomo ndi izi: dzina palibe pa mndandanda chifukwa cha propina kapena ntchito yosowa, BI yatha nthawi kapena yaiwalika, ndi kuchedwa pa msewu. Mndandanda uoneni kutatsala sabata. Kuchokera ku Ulónguè kukafika ku Tete ndi makilomita opitirira 200, ndipo shapa sinyamuka isanadzaze. A ku Zumbo, ku Fingoé ndi ku Chifunde, makamaka nthawi ya mvula, nyamukani dzulo lake kapena dzana, mukagone kwa abale.

Mayeso akakhala a pa intaneti, wotchi yake imayamba mukangodina ndipo nthawi zambiri siima rede ikaduka. Musalembere pamalo pamene simunayesepo. Foni ikhale yodzaza, SIM yachiwiri ikhale ndi mamega, akunyumba adziwe kuti asakuimbireni, popeza pa mafoni ena kuimba kumadula intaneti. Zikaduka pakati, jambulani sikirini, lowaninso msanga, ndipo mukamaliza lemberani a tutor ola lomwelo.

## Simunayambe, koma mukukayika ngati sukuluyo ndi yeniyeni

Mabungwe odziwika amene amaphunzitsa patali alipo, monga Universidade Católica de Moçambique ndi UnISCED ya ku Beira, ndipo kwa amene sanamalize sekondale boma lili ndi pulogalamu ya PESD, yophunzitsa sekondale patali. Maphunziro a patali m'dziko muno amayang'aniridwa ndi bungwe la boma la INED. Zizindikiro zoti muime ndi izi:

- sukulu ikupezeka pa Facebook ndi WhatsApp pokha, ilibe ofesi imene mungafikeko;
- akulonjeza satifiketi m'miyezi yochepa popanda mayeso;
- ndalama akuti itumizidwe pa nambala ya munthu;
- akukukakamizani kulipira lero lomwe kuti malo asathe.

Pemphani kuona chikalata chosonyeza kuti kosi imene mukufunayo, osati sukulu yokha, ndi yovomerezeka. Ngati ndinu wa m'boma ndipo cholinga chanu ndi kukwezedwa pa ntchito, pitani kaye ku recursos humanos a ku distrito kwanu mukafunse ngati pepala la kosi imeneyo amalilandira. Ya kunja kwa dziko idzafunika equivalência, chivomerezo cha boma pa pepala lanu, mukamaliza, ndiye funsani za zimenezo musanatumize metical ndi imodzi yomwe.